Madandaulo pa mabolodi a FPGA ndi pulogalamu yosagwirizana nawo

Mangochi Boma

Kwa Mkulu Woyang'anira Zamalonda

Bwana,

Ndikulemba kalatayi podandaula za katundu amene kampani yanu inatigulitsa, komanso mayankho amene antchito anu akhala akutipatsa chiwauzireni kuti katunduyo sakugwira ntchito. Ndimaphunzitsa achinyamata zamagetsi pa kasukulu ka ntchito zamanja kuno ku Mangochi. Tinagula kwa inu mabolodi khumi a FPGA, omwe ali ndi chip yomwe munthu amaikamo dizaini yake ya zamagetsi, ndipo pa lisiti munalemba kuti mtengowo ukuphatikiza pulogalamu yopangira dizaini, chingwe cholowetsera dizainiyo mu chip, ndi thandizo la amisiri anu mpaka titazolowera. Mabolodiwo anafika pa basi ali bwinobwino. Koma mpaka lero palibe bolodi ngakhale imodzi yomwe yayatsapo kanyale chifukwa cha dizaini yolembedwa ndi wophunzira wanga.

Gwero la vutoli likuoneka ndi maso. Chip yomwe ili pa mabolodiwa ndi Spartan-6, ndipo nambala yake, XC6SLX9, inalembedwa pamwamba pake penipeni. Pa fulashi yomwe munatumiza munaikapo pulogalamu yopangira dizaini ya Vivado. Ziwirizi siziyendera limodzi. Vivado inatuluka mu 2012, ndipo ma chip omwe imawadziwa amayambira pa gulu la 7-series kumka m'tsogolo, monga Artix-7, Kintex-7 ndi Zynq-7000. Spartan-6 ndi ya mu 2009, ndipo imafuna pulogalamu yakale ya ISE Design Suite, yomwe mtundu wake womaliza, 14.7, unatuluka mu 2013. Eni ake a zinthuzi, kampani ya Xilinx yomwe AMD inagula mu 2022, sanabise zimenezi. Zili poyera m'mabuku awo. Wogulitsa mabolodi a FPGA sangati sanazimvepo.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi momwe mmisiri wanu wayendetsera nkhaniyi. Nditamuimbira foni anandiuza kuti vuto ndi ife, akuti sitikudziwa poyenda mu pulogalamuyo. Anandiyendetsa yekha pa foni pomwepo: tsegulani Create Project, lembani dzina, dinani Next, dinani Next. Titafika pa tsamba losankhira chip ndinamuwerengera mayina onse omwe anali pa mndandanda, limodzi ndi limodzi, kuti amve yekha kuti Spartan-6 mulibe. Iye anati ndisankhe Spartan-7, poti "zimenezo n'zofanana, kusiyana ndi nambala chabe".

Bwana, sizofanana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake kuti musaganize kuti ndikungokakamira maganizo anga. FPGA si ngati kompyuta yomwe imalandira pulogalamu n'kumaiwerenga mzere ndi mzere. Mkati mwake muli timabokosi tambirimbiri ta logic ndi tinjira tolumikizira timabokosito, ndipo ntchito ya pulogalamu yopangira dizaini ndiyo kusankha kuti kabokosi kati kachite chiyani, kalumikizane ndi kati. Wophunzira amalemba dizaini yake m'chilankhulo cha pakompyuta cha Verilog kapena VHDL. Pulogalamu imasandutsa zolembazo kukhala ma gate ndi ma flip-flop, gawo lomwe timalitcha synthesis. Kenako imapezera chilichonse malo mkati mwa chip n'kuyala njira zolumikizira, ndipo pamapeto imatulutsa fayilo ya bitstream. Fayilo imeneyi imapangidwa motsatira kamangidwe ka chip imodzi yokhayo yomwe mwasankha. Mkati mwa bitstream mumakhalanso nambala yozindikiritsa mtundu wa chip, ndipo nambalayo ikasiyana ndi ya chip yomwe ili pa bolodi, chip siilandira fayiloyo. Choncho ngakhale titasankha Spartan-7 n'kudutsa masitepe onse popanda cholakwika, chotulukacho chilibe kolowa pa mabolodi omwe munatigulitsa. Ndinamufotokozera zonsezi mmisiri wanuyo. Anati andiimbiranso akafunsa akuluakulu ake, koma sanaimbenso, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp amangowerenga osayankha.

Zili ngati kumugulitsa msodzi bwato pamodzi ndi injini yosakwana pa bwatolo, kenako n'kumamuuza kuti sadziwa kuliza injini.

Wina anganene kuti bwanji osangotenga ISE pa intaneti, poti ilipo ya WebPACK yomwe layisensi yake ndi yaulere. Ndinayesa njira imeneyo, ngakhale kuti si udindo wanga kukonza zomwe munalakwitsa. Pulogalamuyo ndi ya magigabayiti ambiri, ndipo kuno timadalira bandulo ya pa foni yogula ndi ndalama za m'thumba. Netiweki ikangoduka, kapena magetsi akazima laputopu ili pakati pa ntchito, nthawi zina umayambiranso poyambirira bandulo itapita kale. Kuonjezera apo, ISE 14.7 yomwe inakonzedwera Windows 10 imayenda mkati mwa virtual machine ya VirtualBox (kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni), zomwe zimafuna kuti virtualization ikhale yotsegula mu BIOS ya kompyuta. Makompyuta a pasukulu pathu ndi akale, RAM yake ndi yochepa, ndipo ndi kutentha kwa kuno ku nyanja amachita kulira fani akangosenza ntchito yolemera. Mukadatiuza zimenezi tisanalipire, tikadakhala pansi n'kuona ngati mabolodi amenewa ali otiyenera. Simunatiuze chilichonse. Munangoti zonse zili pa fulashi.

Kompyuta imodzi yokha ndi yomwe inatheka kuikamo ISE, ndipo pamenepo ndi pomwe zoperewera zina zinaonekera. M'katoni munalibe pepala losonyeza kuti pini iti ya chip yalumikizidwa ku kanyale kati, ku batani liti, kapena ku clock. Popanda pepala limeneli munthu sangalembe fayilo ya constraints, yomwe imauza pulogalamu kuti signal yakuti ituluke pa pini yakuti. Fayilo yomwe munaika pa fulashi ndi ya XDC, mtundu womwe Vivado imagwiritsa ntchito, pomwe ISE imawerenga UCF. Nditaitsegula kuti mwina ndingakopere manambala, ndinapeza kuti mayina a mapini ndi a chip ina, ya bolodi ina. Zikuoneka kuti wina anangotola mafayilo a katundu wosiyana n'kuwaunjika mu foda imodzi. Kungolota mapini sindingayerekeze, chifukwa ukaika ngati potulukira pini yomwe pa bolodi yalumikizidwa ku magetsi kapena ku ground, ukhoza kuwononga chip. Ndayamba kufufuza mapiniwo ndi multimeter, imodzi ndi imodzi, pa chip ya miyendo 144 yoyandikana kwambiri. Imeneyi ndi ntchito yomwe pepala limodzi lochokera kwa inu likadathetsa.

Za chingwe ndingonena mwachidule. Chomwe chinabwera ndi cha USB wamba chopatsira bolodi moto. Cha JTAG, chomwe iMPACT, pulogalamu ya mu ISE, imagwiritsa ntchito polowetsa bitstream mu chip, m'katoni munalibe, ngakhale chili pa lisiti ndipo tinachilipira.

Ophunzira anga si ana a anthu olemera. Ena amachokera ku Namwera, ena ku Malindi, ena mbali ya ku Monkey Bay, ndipo amalipira minibasi kapena kabaza kuti afike m'kalasi. Makolo awo ambiri ndi asodzi ndi alimi, ndipo ndalama za mabolodiwa zinasonkhedwa movutikira. Ndinawalonjeza kuti temu ino adzaona dizaini yawo ikuyenda pa chipangizo chenicheni. Gulu lina linalemba kale dizaini yoyatsa ndi kuzimitsa pampu ya sola ya kudimba malinga ndi kuchuluka kwa madzi mu thanki. Pa simulation, poiyesa pa kompyuta popanda bolodi, ikuyenda bwino. Koma mwana yemwe sanaonepo batani likutumiza signal kangapo polidina kamodzi, kapena clock ikukana liwiro lomwe iye amafuna, sanaphunzire ntchitoyi mokwanira. Zimenezo zimaphunziridwa bolodi ili m'manja. Temu ikupita kumapeto, ndipo akandifunsa kuti "Aphunzitsi, mabolodi aja tiyamba liti?" ndilibe chowayankha.

Chomwe ndikupempha ndi chakuti mutenge mabolodi khumiwa n'kutipatsa ena a 7-series, monga a Artix-7, omwe amagwirizana ndi Vivado yomwe munatumiza kale. Imeneyi ndiyo njira yomwe ndingakonde, chifukwa ophunzira adzazolowera pulogalamu yomwe ikukonzedwabe mpaka pano, osati yomwe inaima mu 2013. Ngati mabolodi otero mulibe, titumizireni fulashi yokhala ndi ISE 14.7 yathunthu, pepala la mapini la bolodi yeniyeniyi, fayilo ya UCF yolondola, ndi chingwe cha JTAG, ndipo mmisiri wanu abwere ku Mangochi adzaike pulogalamuyo m'makompyuta athu n'kuyatsa bolodi imodzi ife tikuona. Zonsezi zikakanika, mutibwezere ndalama zathu zonse, ndipo mtengo wobwezera katunduyo ukhale wanu.

Ndikupemphanso kuti muone mafulashi omwe mukupereka kwa ogula ena. Ngati ife tinalandira zosakanikirana chonchi, n'kutheka kuti alipo ena omwe akudziona ngati mbuli pa vuto lomwe si lawo.

Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 chilandirireni kalatayi. Nthawiyo ikadutsa popanda yankho, ndikatula nkhaniyi ku bungwe la CFTC, lomwe limamva madandaulo a ogula m'dziko muno. Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza kope la lisiti, chithunzi cha chip choonetsa nambala yake, ndi chithunzi cha mndandanda wa ma chip mu Vivado. Mabolodi onse khumi ndawasunga m'makatoni ake, ndipo mukhoza kutuma munthu kudzawayendera tsiku lililonse la ntchito.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zamagetsi
Mangochi