Laputopu yanga ndi ya 2012, ndipo sindikuitaya

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani yomwe yafala m'chipinda chathu cha aphunzitsi, yoti laputopu ikakwanitsa zaka zitatu ndiye kuti yatha ntchito. Anayambitsa zimenezi ndani? Ine ndikukayikira ogulitsa.

Yanga ndi Lenovo ThinkPad T430, mtundu wa mu 2012, ndipo ndinaigula yakaunjika ku Limbe mu 2017. Pofika 2021 inali itakalambadi. Ndinkaiyatsa, n'kupita kukatereka madzi a tiyi, pobwera n'kuipeza ikuganizabe. Mnyamata wina wokonza makompyuta anachotsa hadi disiki yakale n'kuikamo SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hadi disiki), RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) n'kuikweza kufika pa 8GB. Atatsegula kunsi anapeza fani itatsekeka ndi fumbi, fumbi lathu la kuno ku Balaka, loti mukanadzalamo nyemba. N'chifukwa chake inkatentha ngati mbaula. Batire nalonso ndinasintha kamodzi, poti ndi magetsi ozimazimawa laputopu yopanda batire ndi katundu wongolemetsa chikwama.

Chikhalirecho ikuyenda ngati mwana. Nanga ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphunzitsi angaipeze kuti ndalama yogulira yatsopano zaka zitatu zilizonse?

Pali chimodzi chomwe anzangawo akunena zoona. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 (kuphatikizapo kutseka mipata yolowera akuba a pa intaneti), ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena kuposa apo. Yanga ndi ya m'badwo wa 3, ndiye khomo linatsekeka. Wolowa ku banki pa intaneti asazitenge mwachibwana zimenezi. Ine m'malo mwa Windows ndinaikamo Linux Mint, yomwe ndi yaulere. Sabata yoyamba ndinatukwana kangapo, sindibisa, koma lero mayeso ndi malipoti a ana ndimalembera pa LibreOffice popanda vuto.

Kwa amene akugula yakaunjika panopa, musakopeke ndi kunyezimira kwa chivundikiro. Funsani nambala ya purosesa. Ikakhala ngati i5-8250U, 8 woyambirirayo ndiye m'badwo wake.

Ndidzagula ina tsiku limene motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zonse m'kati mwa laputopu) idzapse, chifukwa pamenepo kukonza kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa ina yakaunjika. Mwana wanga akuti ya bambo ake ikuchititsa manyazi, akufuna zopyapyala zija. Ndamuuza kuti ayambe wakhoza Fomu 4.

Mphunzitsi wa sekondale,
Balaka