Kwa makasitomala athu: tasintha momwe malipoti amatsegukira

Makasitomala athu okondedwa,

Tikukhulupirira muli bwino. Kuyambira Lolemba likubwerali mukamatsegula malipoti mu Chrome kapena Firefox muona kuti akubwera mwachangu, ndiye tati tikuuziretu chomwe tapanga musadzadabwe.

Nkhaniyi inayambira pa shopu ina ya hardware ku Malangalanga. Tinali pakauntala ndi mayi amene amagulitsa pamenepo, kasitomala ataima akufunsa ngati simenti ilipo yokwanira, mayiwo adina lipoti la stoko, kabwalo kodikirira kaja kakungozungulirazungulira, abwerera kumbuyo, adinanso, kayambanso kuzungulira mpaka kasitomala uja wayamba kuyang'ana shopu ya pafupi. Zinatikhudza kwambiri chifukwa vuto linali lathu ndithu. Sisitimu imayambiranso masamu omwewo nthawi iliyonse mukadina olo palibe chasintha, n'kumakatenganso data ku seva, bandulo yanu kumangothera pachabe.

Pano tayikamo kachida kotchedwa memoize ka mu Lodash, library (gulu la zida zokonzedwa kale zolembera mapulogalamu) ya chilankhulo cha kompyuta chotchedwa JavaScript. Mukafunsa koyamba, tinene kuti zogulitsa za mwezi wa Meyi, sisitimu iwerengera kamodzi n'kusunga yankholo mu browser (Chrome kapena Firefox uja) momwemo, mukadzafunsanso zomwezo ingokupatsani losungidwa lija, ngati wogulitsa amene waloweza kale mtengo wa matumba 10 sagwiranso calculator.

Koma apa mpomwe tikufuna mumvetsetse bwinobwino. Yankholo limakhala pa kompyuta kapena foni yomwe mukugwiritsayo basi. Ngati muli ndi shopu ina ku Kawale ndipo kumeneko agulitsa kapena akweza mtengo, inu kuno mukhoza kumaonabe nambala yakale. Mukafuna zatsopano dinani F5, pa foni kokerani tsambalo pansi, zosungidwa zija zifufutika sisitimu iwerengeranso. Kutseka tab nakonso kumafufuta zonse, palibe chotsalira pa kompyuta choti wina adzachione mukachokapo.

Marisiti ndi VAT sitinazikhudze ayi, zikuwerengedwa mwatsopano nthawi zonse, ndalama za kasitomala komanso za MRA sitingaziike pa chiswe chifukwa chofuna changu.

Chonde auzeni anyamata ndi atsikana a pakauntala kuti madzulo asanatseke buku adine kaye F5. Mukaona nambala yosamveka jambulani screen mutitumizire pa WhatsApp yathu ija, tikuyankhani tsiku lomwelo.

Zikomo kwambiri,
Timu yanu ya sisitimu, Area 47