Oteteza zinsinsi za makasitomala azikumana

Akonzi,

Chikhazikitsireni lamulo la Data Protection Act mu 2024, lomwe linapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka zinsinsi za anthu, ife amene tinasenzetsedwa ntchitoyi m'makampani tikungophunzira aliyense payekha. Kuntchito kwathu ndinapeza mafotokope a ziphaso zaunzika ataunjikidwa m'katoni pansi pa kauntala, ndipo ndinasowa mnzanga womufunsa kuti tiwasunge mpaka liti.

Kunja kuli bungwe la IAPP, lomwe linayamba mu 2000, limene limasonkhanitsa akatswiri otere ndi kuwalembetsa mayeso, koma malipiro ake ndi a madola. Ndikupempha mabanki ndi makampani a lamya kuti azitilola kukumana pafupipafupi, tizikambirana ngakhale zimene tinalakwitsa, popanda kuopa kuti bwana amva.

Wowerenga,
Blantyre