Mabuku atatu anakumana pa sikelo yanga ya mpunga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za mabuku, ngakhale ndine mayi wogulitsa mpunga chabe kuno ku Nkhotakota. Sukulu ndinalekezera Folomu 2. Kuwerenga ndayambiranso nditakula, chifukwa masana pamsika ogula amachepa, ndipo miseche ya pabenchi inanditopetsa.

Loyamba linali la bizinesi, anandibwereka mwana wa achimwene anga. Ndi lachingerezi, ndipo zitsanzo zake n'za makampani akuluakulu a kunja, moti masamba ambiri ndinkangodumpha. Koma mfundo imodzi inandikola: mpamba si ndalama yodyera. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba. Thumba la makilogalamu 50 la mpunga wosapuntha likachoka kuchigayo silikhalanso 50, pachoka mankhusu, pachoka misere. Kuwonjezera apo pali ya chigayo, ya wakabaza, ya chiphaso cha pamsika. Nditawonkhetsa ndinaona kuti zaka zonsezi ndinkadya mpamba ndikuyesa phindu, n'chifukwa chake ngongole ya banki mkhonde siinkandithera.

Lachiwiri ndi limene landilembetsa kalatayi. Ndi la mbiri ya m'mbali mwa nyanja yathu ino. Ine ndinabadwira konkuno. Mkuyu umene amati David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya kuno kalelo, ndaudutsa kosawerengeka, thumba lili pamutu, ndipo kwa ine unali mthunzi wopumirapo basi. M'bukumo ndi mmene ndinamva bwino kuti Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthuwo ankawasonkhanitsa pano, kuwawolotsa nyanja pa zombo, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere ku Tanzania, ndipo ambiri ankafera m'njira. Livingstone anafika kuno mu 1861, n'kubweranso mu 1863, koma malondawo sanathe. Panapita zaka zambiri kuti Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, adzachite pangano ndi Jumbe wina mu 1889.

Chimene chinandisowetsa tulo si nkhanza zokha ayi. N'chakuti zonsezi zinali bizinesi. Panali mpamba, panali phindu, panali kuwerengera kuti katundu wina awonongeka panjira, monga ndimawerengera misere ine. Koma katunduyo anali mwana wa munthu. Ndipo ogulitsa sanali alendo okha, mafumu ndi anthu akuda anzathu ankagwira anzawo n'kukawasinthanitsa ndi nsalu ndi mfuti. Anthu amati ngakhale mpunga wa faya timanyadirawu unafala kuno m'nthawi yomweyo. Ndinayang'ana kope langa lija, mizere yake yowongoka bwino, n'kuzindikira kuti kudziwa kuwerengera sikuuza munthu chimene ayenera kugulitsa ndi chimene sayenera.

Lachitatu linali kabuku kakang'ono ka Chichewa kofotokoza buku la Miyambo, ndinakagula pakhomo la tchalitchi. Pa mutu 11 ndime 1 pakunenedwa kuti muyeso wonyenga umanyansa Mulungu. Vesili ndinalimvapo kangapo pa ulaliki, koma tsikulo linandipeza nditakhala pafupi ndi sikelo yanga. Akonzi, ndiulule. Sikelo ija inkaba. Sindinaikonze ndine kuti izitero, koma ndinkadziwa kuti muvi wake suyambira pa ziro, ndipo ndinkangokhala chete poti aliyense akuchita. Kamba anyerera amene wamtola, mpamene ndinaona kuti mlandu ndi wanga, osati wa amene anandigulitsa sikeloyo. Nditauza mnzanga wa benchi loyandikana, yemwe ndi Msilamu, anandiuza kuti m'Qur'an mulinso sura, ya 83, imene imayamba ndi kudzudzula opungula miyeso. Tinakhala kaye duu tonse awiri. Sabata yomweyo tinasonkherana n'kugula sikelo yatsopano, timagwiritsa ntchito mosinthana.

Dandaulo langa ndi ili. Mwa mabuku atatuwa, limodzi lokha ndilo linali la Chichewa. La mbiri lija ndinalimaliza m'miyezi inayi, mdzukulu wanga akundimasulira mawu ovuta madzulo. Nanga anzanga amene Chingerezi sachimva n'komwe? Mbiri ya kwawo komwe adzaimva kwa ndani? Ana ambiri kuno amadziwa Chauncy Maples ngati dzina la sitima, osadziwa kuti anali bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja muno mu 1895 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints konkuno. Mlendo wochokera ku Ulaya amatsika basi buku lili m'manja, akudziwa za Linga, mudzi wakale wa Jumbe kuno ku Nkhotakota, kuposa ife eni nthaka. Zimandipweteka.

A Kachere ku Zomba asindikiza mabuku ambiri a mbiri ndi chipembedzo cha m'Malawi muno, ndipo ndikuwathokoza. Ndikupempha kuti iwo pamodzi ndi a National Library Service aganizire zoika ena m'Chichewa, ngakhale mwachidule, pa mtengo woti mayi wa pamsika angakwanitse. Olemba za bizinesi nawonso atilembere za usipa, mpunga ndi nzimbe za ku Dwangwa, osati za makampani amene sitidzawaona.

Kwa inu akonzi, ndikupempha kadanga kochepa m'nyuzi yanu, ngakhale kamodzi pa mwezi, koti owerenga wamba tizifotokozamo buku limene tawerenga ndi chimene latichitira. Mukavomera, ine ndiyamba ndi la mbiri lija. Ndalemba kale masamba awiri kumapeto kwa kope la mpunga, mdzukulu wanga akungodikira kuti awalembenso bwino.

Ndine,
Mayi wogulitsa mpunga,
Nkhotakota