Tikamakamba za doko la Nsanje, tisaiwale anthu a ku Chinde

A Mkonzi,

Nkhani ya doko la Nsanje siifa. Imagona zaka zingapo, kenako wina aidzutsa pamsonkhano, ndipo tonse timayambanso kulota sitima zikukwera Shire ndi feteleza wotsika mtengo. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti timakamba ngati kumathiriro a Zambezi kulibe munthu, ngati ndi mzere chabe wa pamapu umene ukutitsekera njira. Kumeneko kuli boma la Chinde, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, ndipo pa kalembera wa 2007 kunali anthu oposa 100,000, kuphatikizapo a ku Luabo komwe kenako kunakhala boma palokha.

Ife a kuno tiyenera kulidziwa bwino dzina limeneli. Mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa Angerezi malo pa Chinde, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ndi pamene panali khomo la Nyasaland. Amishoni, makalata, nsalu, zonse zinkatsikira pamenepo n'kukwezedwa m'sitima za kampani ya African Lakes zobwera kuno. Koma mtsinje unkadya gombe chaka ndi chaka, namondwe wa 1922 anamiza sitima zambiri, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi. Angerezi ananyamula katundu wawo. Eni nthaka anatsala.

Anatsala ndi chiyani? Mpunga wa m'madambo, kokonati, nsomba, ndi tinkhanu ta m'nyanja tomwe iwo amati camarão. Ulendo wa kumeneko ndi wa pabwato. Wodwala kwambiri, mayi woyembekezera, thumba la mpunga lopita kumsika, onse amadikira madzi. Agogo anga anadulako nzimbe m'minda ya Sena Sugar ku Luabo, ndipo ankati fakitale ikalira usiku mudzi wonse unkadziwa nthawi. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inaizimitsa. Ya ku Marromeu, kutsidya, inadzukanso nkhondo itatha, koma ya ku Luabo idakali bwinja. Nawo matenda osandutsa masamba a kokonati kukhala achikasu apha mitengo yosawerengeka m'mbali mwa nyanja ku Zambézia, mitengo imene banja linkagulira sopo ndi makope a ana.

Koma bala lalikulu ndi madzi enieniwo. Kale Zambezi ankasefukira pa nyengo yake, n'kusiya matope achonde m'madambo, n'kukankha madzi amchere kubwerera kunyanja. Mlimi ankadziwa kuti madzi akaphwa ndiye nthawi yodzala, monga momwe ife timachitira m'madimba a ku Dinde. Damu la Cahora Bassa litamalizidwa mu 1974, kuwonjezera pa la Kariba, mtsinje unayamba kumvera ofuna magetsi. Matope ambiri amatsalira kumtunda, madambo amene ankamira chaka chilichonse anayamba kuuma, mchere ukulowa m'minda, ndipo camarão amene amakulira m'mizu ya mitengo yomera m'madzi amchere yotchedwa mangrove anachepa. Palibe anapita ku Chinde kukafunsa msodzi asanatseke mtsinje. Pamene namondwe wa Freddy anagwa pafupi ndi Quelimane mu Malichi 2023, ife tisanalire maliro athu ku Blantyre ndi ku Phalombe, mphepo inali itayamba ndi madenga a anthu a kugombe amenewa.

Ndiye tiyeni tikumbukire za mu Okutobala 2010. Malemu Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje ndi chimwemwe chachikulu, koma bwato la feteleza lomwe tinkalidikira linagwidwa ku Marromeu. Boma la Mozambique linati payambe pachitika kafukufuku wa momwe sitima zingakhudzire mtsinje ndi zachilengedwe. Kuno tinati ndi kaduka, akufuna tizilipirabe madoko a Beira ndi Nacala. Mwina kaduka kanalipo, ndale sizisowa zotere. Komabe funso lawo linali loona. Zambezi wa kumunsi ndi wosaya, mchenga wake umasamuka, ndipo kuti zombo zolemera zidutse chaka chonse pafunika kumakumba osaleka. Mchenga wokumbidwawo ukatayidwa kuti? Mtsinje ukazama, madzi amchere adzalowa kutali bwanji? Nanga maukonde a anthu?

Ine doko ndikulifuna, musandimve molakwa. Ndimadutsa pa chikhoma cha simenti chija, pomwe lero asodzi amamangirira mabwato, ndipo mtima umandiwawa. Pempho langa kwa inu atolankhani ndi lakuti nkhaniyi ikadzukanso, musangothera pa mawu a nduna ku Lilongwe ndi ku Maputo. Tumizani mtolankhani atsike ndi mtsinje mpaka ku Chinde, akakhale nawo sabata imodzi, akaone mtengo wa mpunga ndi wa petulo wa bwato. Atenge mnyamata wa kuno ku Nsanje wodziwa Chisena. Ambiri kumeneko adzamumva popanda womasulira.

Mphunzitsi wopuma,
Nsanje