Kalata yopita ku Leicester

Mnzanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kuno ku Zomba. Ife tili bwino, kaya iwe ndi ana kumeneko. Uthenga wako uja ndinaulandira. Wati kwayamba kuzizira, kunja kukumada msanga, ndipo ukufuna mabuku oti uziwerenga ukaweruka. Watinso ambiri mwa amayi amene ukugwira nawo ntchito kwawo ndi ku India, ena makolo awo anadzera ku Uganda ngakhalenso kuno kwathu, ndipo umalakalaka utadziwa zimene zimakhala mumtima mwawo. Za munthu amene umamwa naye tiyi pa nthawi yopuma, umufunse mwini wake. Koma alipo mabuku angapo olembedwa ndi amayi a mtundu umenewo amene ndinawerenga, ndipo chimene chinandikhala m'mutu n'chimodzi. Ndege imangomusamutsa mkazi. Kuti ayambe kudziimira payekha pamatenga zaka, ndipo kawirikawiri pamafunika dzanja la mkazi mnzake. Dzanja limenelo nthawi zina silipezeka, nthawi zina limapezeka koma lili ndi ngongole yake.

Uyambe ndi nkhani yaifupi ya Jhumpa Lahiri yotchedwa "Mrs. Sen's". Ili m'buku lake loyamba, Interpreter of Maladies, lomwe linatuluka mu 1999 n'kupata mphoto ya Pulitzer chaka chotsatira. Mayi Sen ndi mkazi wa mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ina ku America. Bambo akapita kuntchito iwo amatsala m'nyumba, ndipo masana amasamalira mnyamata wa zaka 11 dzina lake Eliot. Tsiku ndi tsiku mwanayo amawapeza atakhala pansi, atayala manyuzipepala, akuduladula ndiwo zamasamba ndi chimpeni chokhota chomangiriridwa pathabwa, chimene anabwera nacho kuchokera kwawo. Mpeniwo saugwira m'manja. Umakhala chiimire, munthu n'kumakankhirapo kabichi kapena dzungu ndi manja onse awiri. Amamufotokozera mwanayo kuti kwawo kukakhala ukwati, amayi a m'dera lonse amabwera aliyense ndi mpeni wake wotero, n'kukhala mozungulira padenga la nyumba, kuchezera usiku wonse akudula masamba, akuseka, akudya miseche. Iwe ndiwe mwana wa kuno, ukudziwa mmene kumakhalira kuseri kwa nyumba usiku woti mawa kuli ukwati. Ndiye taganiza, mpeni womwewo, ntchito yomweyo, koma munthu ali yekha m'chipinda chotseka mawindo, womumvera ndi mwana wa eni. Tsiku lina amamufunsa mwanayo ngati pangabwere munthu iwo atakuwa ndi mphamvu zawo zonse. Mwanayo amayankha kuti mwina wina angaimbe foni, koma yodandaula za phokoso.

Zowasangalatsa mayiwa zilipo ziwiri, kalata yochokera kwawo ndi nsomba yaiwisi yathunthu, yokhala ndi mutu wake. Nsombayo imagulitsidwa kunyanja, ndipo kuti akafikeko pafunika galimoto. Bambo amatanganidwa, mayi akuphunzira kuyendetsa koma msewu waukulu amauopa. Atayesa kukwera basi, mayi wina anadandaula za fungo la m'jumbo mwawo. Mapeto ake amatenga makiyi, kukweza Eliot, n'kukagunda mtengo wa mawaya a telefoni. Palibe amene anavulala kwambiri, koma ntchito ija inathera pomwepo.

Chimene chimandipweteka m'nkhani imeneyi ndi mayi ake a Eliot. Madzulo aliwonse amabwera kudzatenga mwana, ndipo Mayi Sen amawakakamiza kukhala pampando n'kuwapatsa chakudya. Iwo amangolawa pang'ono, n'kunena kuti adya nkhomaliro mochedwa. Mayi ameneyu ali ndi galimoto, ntchito, nyumba yakeyake m'mbali mwa nyanja, ndipo madzulo amaitanitsa pizza n'kudya ndi mwana wake, basi. Zonse zimene Mayi Sen akusowa iye ali nazo, ndipo nayenso alibe womufunsa kuti waswera bwanji. Loweruka limodzi kapena awiri akanatha kuwaphunzitsa anzakewo kulowa mumsewu waukulu. Zimenezo sizichitika, ndipo Lahiri saloza chala aliyense. Amangokusiya ukuona amayi awiri ataima pakhomo limodzi madzulo aliwonse, wina osamudziwa mnzake.

Kusungulumwa kotereku kuli ndi chiyambi chake. Mu 1965 America inasintha malamulo olowera m'dzikomo, ndipo madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi a ku India anayamba kupita ambiri. Mnyamata ankapita yekha, kenako n'kubwerera kwawo kukakwatira mtsikana amene makolo amupezera, patapita masabata kapena miyezi mtsikanayo n'kumutsatira. Pambuyo pake kunabwera a ntchito za makompyuta pa chiphaso cha H-1B, akazi awo pa H-4, chomwe sichinkawalola kugwira ntchito mpaka mu 2015 pamene ena anayamba kuloledwa. Mkazi wa digiri yake, koma mapepala, ndalama ndi galimoto zonse zili m'dzina la mwamuna. Ukatero ngakhale mwamunayo akhale wabwino bwanji, kupuma kwako kuli m'manja mwake.

Chitra Banerjee Divakaruni amazidziwa zimenezi osati zongomva. Mu 1991 anali m'gulu la amayi amene anayambitsa Maitri, bungwe la m'dera la San Francisco lothandiza akazi ochokera ku India ndi maiko oyandikana nawo amene akuzunzidwa m'banja. Buku lake la 1999, Sister of My Heart, likunena za Anju ndi Sudha, atsikana a pachibale obadwa tsiku limodzi m'nyumba imodzi ku Calcutta, oleredwa ndi amayi atatu amasiye. Anju amakwatiwa ndi Sunil n'kupita ku California. Sudha amatsala, ndipo atatenga pathupi, apongozi ake atamva kuti mwanayo ndi wamkazi amalamula kuti mimbayo ichotsedwe. Paja vuto limeneli linakula ku India mpaka boma linakhazikitsa lamulo mu 1994 loletsa kuyeza mwana ali m'mimba pofuna kusankha wamwamuna. Sudha amathawa ndi mimba yake kubwerera kwa amayi ake. Anju, nayenso ali woyembekezera, amayamba ganyu mobisira mwamuna wake kuti asonkhanitse ndalama ya tikiti ya mnzakeyo, ndipo m'kati mwa kudzipanikiza kumeneko amapita padera.

Kunena zoona, kalembedwe ka Divakaruni nthawi zina shuga amachuluka. Amakonda nthano za mafumukazi ndi maloto, ndipo pena ndinkafuna atangonena nkhaniyo mosakometsera. Koma ndinamupatsa ulemu pa buku lotsatira, The Vine of Desire la 2002, chifukwa sanalole kuti tikiti ija ikhale mathero osangalatsa. Sudha wafika ndi mwana wake Dayita m'kanyumba kakang'ono ka Anju. Akudya za eni, akugona kwa eni, akuphika ndi kuchapa pofuna kubweza zimene sangathe kubweza. Anju akamuona mwanayo amakumbukira wake uja. Ndiye pali Sunil, amene mtima wake unali pa Sudha kuyambira kale. Zotsatira zake ungaziganize wekha. Sudha amachoka m'nyumbamo n'kukalowa ntchito yosamalira bambo wina wokalamba, ndipo ndalama yoyamba imene analandira ndi thukuta lake inamuchitira zimene chikondi chonse cha Anju chinalephera. Iwe amene wasungapo anthu obwera kumene m'nyumba mwako, ndikudziwa kuti buku limeneli likukhudza. Kumuthandiza munthu kuwoloka n'kwapafupi kusiyana ndi kukhala naye bwino atawoloka, makamaka pamene wina ndi wopereka tsiku lililonse, wina wolandira tsiku lililonse.

Koma amene ndimamukonda kuposa onse ndi Ashima wa m'buku lina la Lahiri, The Namesake, la 2003. Anthu ambiri amalitenga ngati nkhani ya mwana wake Gogol, ine ndimaliwerenga chifukwa cha mayiyo. Timakumana naye mu 1968 ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi pathupi, akusakaniza Rice Krispies ndi mtedza, anyezi ndi tsabola, kuyesa kupanga kachakudya kamene ankagula m'misewu ya ku Calcutta. Anzake oyamba ndi akazi a amuna ena a Chibengali, mtundu wa anthu a kwawo ku Calcutta. Amasonkhana kumapeto kwa sabata, kuphika miphika ikuluikulu, ana n'kumakula akuwatchula anthu amenewa azakhali ndi amalume. Chibwenzi chimenechi chinamusunga, koma chinamusunga monga mkazi wa Ashoke ndi mayi wa ana awiri. Ana atakula, amayamba ntchito ya maola ochepa pa laibulale ya m'tauni mwawo, ndipo kumeneko amapeza anzake a ku America, amayi achikulire, ena a iwo okhala okha. Ndi anthu oyamba kumudziwa iyeyo asanadziwe mwamuna wake. Ashoke atamwalira mwadzidzidzi ali pantchito ku Ohio, aliyense ankayembekeza kuti mayiyu akakhala mwa mwana kapena abwerera kwawo mpaka kale. Iye amagulitsa nyumba n'kusankha kumakhala miyezi 6 ku Calcutta, miyezi 6 ku America. Palibe kumenya chitseko, palibe kukalipa. Zinamutengera zaka zopitirira 30, ndipo mwina n'chifukwa chake ndimazikhulupirira.

Kwanuko nkhani ndi yosiyanako. Mu 1972 khonsolo ya mzinda wakowo inaika chidziwitso m'nyuzipepala ya ku Uganda chouza Amwenye amene Idi Amin ankawathamangitsa kuti asabwere ku Leicester. Anabwerabe, ndipo anabwera mabanja athunthu, agogo ndi azakhali omwe. Mkazi wa m'dera lotero sasowa womumva akakuwa. Vuto lake ndi lakuti maso ndi ambiri, chilichonse chimene wachita chimafika kwa apongozi dzuwa lisanalowe. Meera Syal, amene anakulira kufupi ndi Wolverhampton, analemba za moyo woterowo mu Life Isn't All Ha Ha Hee Hee, buku la 1999 lomwe BBC inalisandutsa sewero la pa kanema mu 2005. Muli atsikana atatu a ku London, ana a anthu ochokera ku Punjab, ogwirizana kuyambira ali kusukulu. Chila ndi wofatsa amene anthu amamuyesa wopepera, Sunita anali wanzeru m'kalasi koma banja ndi ana zamufooketsa, Tania ndi wojambula mafilimu amene anadzichotsa pakati pa anthu a mtundu wake. Tania amajambula filimu yokhudza mabanja a anzakewo, n'kuonetsa dziko lonse ming'alu imene iwo ankabisa. Ndi kusakhulupirika koonekeratu, ndipo amawonjezera kwina koposa pamenepo kokhudza mwamuna wa Chila. Chodabwitsa n'chakuti filimu yomweyo ndi imene inawadzutsa awiriwo. Sindikunena kuti Tania anachita bwino, ayi, mnzako sumuvula pagulu. Koma Syal amaseketsa kwambiri, ndipo pakati pa nthabwalazo amafunsa funso lovuta, loti kodi mnzako weniweni ndi amene amakubisira chilema cha banja lako kapena amene amakuuza. Mathero a limeneli sindikuuza.

Pali china chimene uzikumbukira ukamawerenga. Pafupifupi amayi onsewa ndi a m'mabanja ophunzira, amuna awo ndi a malipiro abwino. Amayi osoka zovala m'mafakitale, oyeretsa m'zipatala usiku, osamalira okalamba monga ena mwa anzako akuntchitowo, m'mabuku amenewa amangodutsa. Komabe ndi amayi otere amene anaima pa geti la fakitale ya Grunwick ku London kuyambira mu 1976, motsogozedwa ndi Jayaben Desai, mayi wa ku Gujarat amene anadzera ku Tanzania, kunyanyala ntchito pafupifupi zaka ziwiri. Ndikanakonda nditawerenga nkhani yopeka yokhudza chibwenzi cha amayi ngati amenewo. Ukafunse ku laibulale ya kwanuko, mwina angakulozere lina, ndipo ukalipeza undigulireko langa. Wina aliyense wobwera kuno pa Khirisimasi atha kunditengera.

Upereke moni kwa ana, uwauze kuti mango ayamba kupsa. Amayi akuti uziwaimbirako Lamlungu ukachoka ku tchalitchi.

Ndine mnzako wa ku Zomba.