Zilembo zopotana zisamabise tsiku ndi malo pa makhadi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene akukonza makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani pa kompyuta kuno ku Zomba. Ntchito yawo ndimaiyamikira, ndipo ikutha msanga kuposa mmene ife a penti ndi burashi tinkachitira. Chikundiwawa n'chimodzi: mmene akugwiritsira ntchito zilembo zopotana zija, zooneka ngati munthu walemba ndi dzanja, monga Edwardian Script, Monotype Corsiva ndi Brush Script.

Zilembozi ine ndimazikonda kwambiri, n'chifukwa chake ndalemba. Sizinabadwire pa kompyuta ayi. Zambiri zinatengera kalembedwe ka akatswiri a ku England a zaka za m'ma 1700 ndi ena amene anawatsatira. Font (mtundu wa zilembo za pa kompyuta) yotchedwa Snell Roundhand, imene Matthew Carter anakonza mu 1966, ndi dzanja la mmodzi wa akatswiriwo, Charles Snell. Edwardian Script ndi ya Ed Benguiat, ya mu 1994, ndipo imatsanzira cholembera cha nsonga yachitsulo yong'ambika pakati. Amene tinagwirako cholembera choviika mu inki tikudziwa: ukamatsitsa dzanja n'kupanikiza pang'ono, nsonga imakanuka, inki imatsika yambiri, mzere umanenepa. Ukamakweza dzanja, nsonga imatsekeka, mzere umaonda. Kukoma konse kwa zilembozi kuli pamenepo, ndi pa kamchira kamene chilembo chimagwirira chinzake.

Tsono zilembo zikuluzikulu za mtundu umenewu sizinapangidwe kuti zigwirane. Chilichonse chili ndi michira yakeyake, ndipo ntchito yake ndi kutsegula dzina basi, zing'onozing'ono n'kutsatira. Mukalemba dzina lonse la holo ndi zikuluzikulu zokhazokha, michira imakolana, S amameza T, ndipo wowerenga amangopukusa mutu. Tatengani botolo la Coca-Cola pa golosale iliyonse ku Mpondabwino mulione. Kalembedwe kaja n'ka ku America ka m'ma 1880, zikuluzikulu zilipo ziwiri zokha, ma C awiri aja, ndipo ngakhale mwana amaliwerenga ali patali.

Mayi wina wachikulire woyandikana nane anabwera ndi khadi la chinkhoswe cha mdzukulu wake kuti ndimuwerengere tsiku. Kuwerenga amadziwa bwino, anali mphunzitsi. Koma khadi lonse linali la zilembo zagolide zopotana pa pepala loyera, kuyambira vesi pamwamba mpaka manambala a foni pansi. Nambala 1 ndi 7 zinkangofanana. Ndinachita kupita nalo padzuwa n'kulipendeketsa kuti golide anyezimire, ndipo ndi pomwe tinaona kuti ndi pa 17. Banjalo linalipira ndalama zambiri kuti aitane abale, koma abalewo anachita kuimbirana mafoni kufunsana tsiku.

Zilembo zopotana zili ngati mkanda wa m'khosi: umakongola chifukwa wakhala pa chovala, osati kuti thupi lonse livale mikanda. Maina a mkwati ndi mkwatibwi alembeni mopotana, mowakulitsa, muwasiyire malo opumira. Tsiku, nthawi, tchalitchi, holo ndi manambala a ankhoswe zikhale ndi zilembo zoongoka, zakuda bii. Ndipo chonde musamatalikitse zilembo zolumikizana pofuna kudzaza mzere, chifukwa michira imaduka, dzina n'kuoneka lomwazika.

Palinso vuto lathu ife a Chichewa. Mafont ambiri otere alibe chilembo cha ŵ, ndiye kompyuta imabwereka cha font ina kapena kuika kabokosi pakati pa dzina. Kachizindikiro ka ng' nakonso kamasowa pakati pa michira. Muziyang'anitsitsa musanasindikize.

Pamene mtima umandipweteka kwambiri ndi pa ziliza. Mizere yoonda ija siilowa mozama mu simenti kapena m'mwala. Mvula ya kuno kunsi kwa phiri mukuidziwa, ndi ndere zake. Pakapita zaka, mizere yonenepa yokha ndiyo imatsala, dzina la malemu limasanduka timitengo toimirira, ndipo adzukulu akadzabwera kudzalambula manda sadzadziwa kuti agogo awo agona pati. Pa chiliza lembani zilembo zoongoka, zozama. Mukafuna zopotana, zikhale pa mawu otsanzika okha.

Za zikwangwani za masaluni m'mbali mwa msewu wa M3 sindinenapo zambiri. Munthu ali mu minibasi amangoponya diso kamodzi. Brush Script, imene Robert E. Smith anakonza mu 1942, imathandizako chifukwa ndi yonenepa ngati yolembedwa ndi burashi, koma Edwardian pa msewu ndi kutaya penti.

Eni mwambo nanunso muli ndi mbali yanu. Musanalole kuti asindikize makhadi onse, pemphani limodzi, mukapatse munthu wachikulire wa pakhomo panu awerenge madzulo ndi nyali ya m'nyumba. Akakakamira pa tsiku kapena pa dzina la holo, libwezeni akakonzenso.

Wolemba zikwangwani wopuma pa ntchito,
Matawale, Zomba